Chotupa cha pa nthiti musachitemere mphini

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Nkhani ya bambo uja wa kutsidya amene tinamutumiza ku chipatala cha Kamuzu Central sabata yatha mwaimva kale. Chotupa chinayamba pa nthiti, cholimba gwa, chosapweteka. Anakhala nacho mpaka kukolola kawiri. Pofika kwa ife a chipatala chinali ngati papaya, pamwamba pake mphini zokhazokha. Abale anga, chotupa cha pa nthiti musachitemere, musachiboole. Bwerani tichione.

Si chotupa chilichonse chomwe ndi khansa. Chofewa, chothawathawa mukachigwira, nthawi zambiri amakhala mafuta chabe. China chimakhala TB, mafinya amangosonkhana pa nthiti popanda kutentha. Koma china chimamera pafupa penipeni. Kwa akuluakulu chimakula mwakachetechete. Kwa ana ndi achinyamata kuli china chotchedwa Ewing sarcoma, chimathamanga, mwana amalira usiku, thupi kutentha. Inu mumati wagwa pa mpira, n'kumamuthowa ndi madzi otentha mwezi wathunthu. Ayi, amayi, musatero. Nthawi zinanso khansa imachokera ku bere kapena ku prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, n'kudzakhazikika m'nthiti.

Ndi dzanja lokha, ngakhale ine sindingasiyanitse zonsezi. N'chifukwa chake timajambula. X-ray imaonetsa ngati fupa ladyeka. Sikani, yomwe ija ya amayi oyembekezera, imatiuza ngati mkatimo muli madzi kapena mnofu. CT, sikani ina ya ku zipatala zikuluzikulu, imaonetsa kukula kwake ndiponso ngati chafika ku mapapo. Dzina lenileni la matendawo timalidziwa tikatenga kachidutswa ndi singano n'kukapima ku labotale.

(Mayi wina: Adokotala, amati singanoyo ndi imene imabalalitsa khansa!)

Mwafunsa bwino, mayi, ambiri amaopa zomwezo. Zimene zimachitika n'zakuti munthu amabwera mochedwa, matenda atayenda kale m'thupi. Tikamubaya lero n'kumwalira mwezi wa mawa, kumudzi mumati ndi singano. Si singano, ndi miyezi imene anakhala pakhomo. Pobaya amayamba ajambula, amasankha njira yolowera, ndipo akamadzachotsa chotupacho amachotsanso mnofu wa m'njira imene singano inadutsa. Choopsa ndi lezala la kuseri kwa nyumba, lolowetsa dothi, lobalalitsa chotupa pakhungu. Komanso taganizani, ngati ndi TB, mankhwala alipo aulere, munthu amachira. Tikapanda kupima timupatsa chiyani? Ndiye ndikubwereza, musachitemere, musachiboole.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Posamba dzipapaseni m'nthiti, ana muziwapapasanso. Chotupa cholimba, chokulirakulira, kapena chopweteka usiku, musadikire kuti mugulitse kaye fodya. Tengani buku la kuchipatala. Tikakupatsani kalata yopita ku chipatala cha boma, pitani sabata yomweyo, zithunzi za X-ray musazisiye kunyumba, ndipo zotsatira mukazitenge ndithu. Amene ali nacho kale andipeze pansi pa mtengo apo tikamwazikana.