Bawuti ya pule ya crankshaft ikakana kumasuka

[Kamera ili pa galimoto yoimikidwa pa masitandi, tayala lakutsogolo lakumanja lachotsedwa]

Moni akuluakulu, moni amakaniko anzanga, ndi inu achinyamata amene mukuphunzira ntchitoyi m'magalaja. Galimoto mukuionayi ndi Corolla ya injini ya 5A-FE. Yabwera kudzasintha timing belt. Koma lambayo sangatuluke pule iyi ya kunsonga kwa crankshaft (shafiti yaikulu imene mapisitoni amaizungulitsa) ikadali pamalo pake, ndipo puleyo yagwidwa ndi bawuti imodzi yokha, iyi ili pakatiyi, ya mutu wa mamilimita 17.

Buku la Toyota limati bawuti imeneyi imangidwe pa 118 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yopotokola). Si mphamvu yoopsa ayi, ndi yoposa pang'ono chabe ya manati a tayala. Pa injini zina nkhani ndi ina: ma Honda ambiri amafuna 245 Nm, ndipo 1KD ya dizilo ya mu Hilux ndi Hiace imapitirira 360. Chinanso, mphamvu yomasulira imaposa yomangira. Injini yatentha ndi kuzizira kwa zaka, dzimbiri lagwira pansi pa washa, mwina amene anagwirapo kale anapaka mankhwala omata mazinga, mwinanso anangoimenya ndi impact, makina omanga ndi kumasula mabawuti mogunda, mpaka dzanja lake litatopa.

Tsopano onani ichi.

[Akukoka sipanala, pule ikuzungulira]

Ndikukoka, bawuti sikumasuka, injini yonse ndiyo ikutsatira dzanja langa. Apa ndi pamene anthu amasokonezekera. Amaona ngati mphamvu yachepa, ndiye aitana anyamata awiri, abweretsa paipi ya mamita awiri. Koma mphamvu ilipo kale yokwanira. Munthu wolemera makilogalamu 70 akatsamira kumapeto kwa chitsulo chotalika mita imodzi, ndiye kuti wapereka pafupifupi 690 Nm. Vuto ndi loti mphamvuyo ikuthawira panjira isanafike pa bawuti. Ina ikupita kozungulitsa injini, ina ikuthera mu extension (chitsulo chotalikitsira soketi) yomwe ikupotokoka, ina mu soketi yomwe yapendekeka. Ntchito yathu ndi kutseka mothawira monsemo.

Tiyambe ndi kugwira crankshaft.

Njira imene aliyense amayamba nayo pa galimoto ya manual ndi iyi: lowetsani giya yapamwamba, 5 osati 1, wina akhale mkati aponde buleki mwamphamvu. Chifukwa chake 5? Mu giya 1 gearbox imachulukitsa mphamvu yanu popita ku matayala, ndiye mukulimbana ndi mabuleki mutawapatsa katundu wolemera. Mu 5 mabuleki amagwira mosavutikira. Nthawi zina zimatheka. Koma pakati pa bawuti ndi buleki pali masipuling'i a clutch, magiya, ma CV joint ndi labala wa ma mounting, ndipo chilichonse chimalola pang'ono. Mudzamva chitsulo chikunyutuka ngati mukukoka legeni, mukasiya chibwerera pomwe chinali. Bawuti yolimba kwenikweni simasuka motero.

Ngati galimoto ndi ya automatic, iwalani za giya. Kuika pa P kumatseka gearbox kumbali ya matayala basi. Pakati pa injini ndi gearbox pali torque converter, yomwe imalumikiza ziwirizi ndi mafuta, ndiye injini izizungulirabe momasuka. Ndipo magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan masiku ano ndi a automatic.

Njira imene ndimaikhulupirira ine ndi kugwira pule yeniyeniyo.

[Kamera iyandikira pa pule]

Mukuona timabowo tiwiri iti, tili ndi mazinga mkati? Toyota inatiika dala. Chida chogwirira simukuyenera kuchiitanitsa kunja. Pitani kwa owotcherera, akudulireni chitsulo chafulati chokhuthala bwino, chotalika ngati mkono. Boolani mabowo awiri olingana ndi a pa pulewa, pakati musiye mpata woti soketi idutse. Mangani ndi mabawuti awiri olimba. Muyese kutalika kwake: akalowa mopitirira amakaboola kavala ya timing kumbuyoku. Mchira wa chitsulocho utsamire pansi kapena pa chitsulo cha chassis, osati pa radiator, osati pa paipi ya AC.

Pa Honda mulibe timabowo totere. Mkati mwa pule muli chibowo cha ngodya zisanu ndi imodzi, cha mamilimita 50, ndipo pali chida chake cholowa mmenemo, choboola pakati kuti soketi ya 19 idutse. Ngati ma Honda amabwera kawirikawiri pa galaja panu, chida chimenecho chibweza ndalama yake pa ntchito ziwiri zoyamba.

Pule ikakhala yopanda pogwira paliponse, pitani kumbuyo kwa injini. Chotsani sitata kapena kachivindikiro kapansi pa gearbox, muona mano a flywheel, chigudumu chimene sitata imazungulitsa. Pamenepo mumange kachitsulo kolowa m'mano angapo nthawi imodzi. Sikuludilaiva yoikidwa pa dzino limodzi imaterereka, nthawi zina imachoka ndi dzinolo, kenako mwini galimoto azidzamva sitata ikukukuta m'mawa uliwonse.

Za kulowetsa chingwe pa bowo la pulagi kuti pisitoni itsamirepo, ndazionapo zikugwira, koma sindiphunzitsa mwana wa ntchito zimenezo. Mukalakwitsa nthawi, mavalavu ali otsegula, mwapinda valavu chifukwa cha bawuti imodzi.

Crankshaft yagwidwa. Tibwere kumbali yokoka.

Soketi ikhale ya ngodya zisanu ndi imodzi, zakuda zija za impact. Ya ngodya 12 yonyezimira imagwira tinsonga tokha ta mutu wa bawuti, ndipo ikaterereka kamodzi mutuwo wayamba kubulungira. Power bar, chitsulo chachitali chokokera soketi, ikhale yaikulu, ya 3/4 inchi ngati ilipo. Ratchet musaiikire paipi, timano take si ta ntchito imeneyi.

Pa injini yogona chopingasa ngati iyi, bawuti ili mkati mwa malo a tayala, ndiye extension njosapeweka. Gwiritsani imodzi yonenepa, osati zitatu zolumikizalumikiza. Ndipo chinthu chimene ambiri amachidumpha ndi ichi: ikani sitandi pansi pa extension, kumapeto kwake pafupi ndi power bar, msinkhu wake ufanane ndi wa bawuti. Popanda sitandi, mukatsamira, extension imagwera pansi, soketi imapendekeka, theka la mphamvu yanu langothera kopinda chitsulo. Ikakhala pa sitandi, kulemera kwanu konse kumasanduka kupotokola.

Mukayang'anizana ndi pule, chogwirira chikhale kudzanja lanu lamanzere, chogona, ndipo muzikankhira pansi. Tsamirani pang'onopang'ono ndi thupi lonse, miyendo itaponda bwino, nkhope kutali ndi chitsulo. Osadumphapo.

[Phokoso lalikulu, bawuti yamasuka]

Mwamva kulira kumeneko? Musaope, palibe chathyoka. Bawuti imeneyi imamasuka ndi mkokomo wotero.

Mabawuti ambiri a crankshaft amamasukira kumanzere ngati bawuti ina iliyonse. Alipo ochepa a mazinga otembenuza, mwachitsanzo pa dizilo ya Fiat ya 1.9 JTD. Injini imene simunaigwirepo, funsani buku lake musanaikepo paipi.

Amene muli ndi impact ya mpweya ndipo ikungogogoda osasuntha kanthu, musafulumire kuinyoza. Imafuna mpweya wa 90 psi pamene ikugwira ntchito, osati pamene yangokhala. Paipi ya mpweya yopyapyala ndi yaitali imaifooketsa. Chotsani extension ngati nkotheka, chifukwa imameza kugunda konse. Palinso masoketi olemera dala, onenepa kwambiri, opangidwira bawuti yomweyi: kulemerako kumathandiza kuti kugunda kulikonse kufike pa bawuti.

Tsopano tikambe za njira ya sitata, chifukwa ndikudziwa mukuiyembekezera. Mumaika power bar pa bawuti, chogwirira chitatsamira pansi, kenako mumagunda kiyi kamodzi. Sitata imazungulitsa crankshaft, bawuti yagwidwa, ndiye imamasuka. Imagwiradi ntchito, sindikana. Koma imvetseni kaye.

Njirayi imadalira mbali imene injini imazungulira. Injini zambiri, mukaziyang'ana kuchokera ku pule, zimazungulira kumanja ngati mivi ya wotchi. Pa zimenezo chogwirira chimakhala kudzanja lanu lamanja, chitakhudza kale pansi, popanda mpata woti chithamange nkukamenya. Koma injini zakale za Honda, za mtundu wa D, B, F ndi H, zija za mu Civic, Accord ndi CR-V yoyamba, zimazungulira kumanzere pamene bawuti yake ndi ya mazinga wamba. Mukagunda sitata pamenepo ndiye kuti mukuimangitsa, ndipo ikhoza kudukira mkati mwa crankshaft. Chizindikiro chake nchosavuta: pa ma Honda amenewo pule imakhala kumanzere kwa galimoto, osati kumanja ngati pa Corolla iyi. Mukakayika, chotsani zida zonse, wina agunde sitata, inu muone ndi maso mbali imene pule ikupita.

Injini isalire. Chotsani fyuzi ya EFI, yoyendetsa mafuta opita mu injini, zulani mawaya a ma coil, ndipo pa dizilo mudule mafuta. Injini ikalira power bar ili pamenepo, chitsulocho chimasanduka chikwapu. Giya ikhale pa N kapena P, pasakhale munthu pafupi ndi tayala, ndipo palibe wogwira chitsulo ndi manja. Kiyi ndi kungogunda nkusiya.

Galimoto yoyatsa ndi batani musayese nkomwe. Pa imeneyo si chala chanu chimene chimalamula sitata. Mukadina, kompyuta ndiyo imapitiriza kuzungulitsa mpaka itakhutira. Ndipo ngati timing belt mwaimasula kale kapena yaduka, sitata isakhudzidwe.

Za moto. Kutentha kumafewetsa mankhwala omata mazinga, nzoona. Koma pule zambiri ndi zitsulo ziwiri zomatidwa ndi labala pakati, ndipo labalayo ndi amene amameza kunjenjemera kwa crankshaft. Kumbuyo kwake kuli oil seal. Mukawotcha ndi gasi mwapha zonse ziwiri. Mankhwala opopera a dzimbiri nawo sathandiza kwenikweni, chifukwa mazinga ali mkati, atsekedwa ndi washa. Hamala ndi tchizulo pa mutu wa bawuti, ayi.

Pali injini zina zimene muyenera kuima kaye musanamasule nkomwe. Pa Corolla iyi pali kakiyi kachitsulo kolowa mu mpata wa crankshaft, kamene kamasunga giya ya timing pamalo pake ngakhale bawuti itachoka. Koma Mazda ya injini ya LF kapena L3, zija za mu Axela, Atenza ndi Premacy, pamodzi ndi abale ake a Ford Duratec, zilibe kakiyi. Giya ya tcheni imagwidwa ndi kufinya kwa bawuti yokhayo. Mukangomasula, timing yatayika, ndipo kuibwezera kumafuna zida zotsekera crankshaft ndi ma camshaft. Pa injini zotere sitata ndi yoletsedwa, ndipo musamasule bawuti zidazo mulibe.

Bawuti yatuluka, koma pule ikhoza kukakamirabe. Musaikoke ndi puller ya zikhadabo yogwira m'mphepete, mung'amba labala uja. Gwiritsani puller yomangira mu timabowo tomwe tija, ndipo bwezeranimo bawuti pang'ono kuti nsonga ya puller itsamire pa mutu wake, isawononge mazinga a crankshaft. Kakiyi kaja kasungeni bwino, kakagwera m'fumbi la pa galaja simukapezanso.

Pobwezera, pukutani nsonga ya crankshaft ndi mkati mwa pule. Yang'anani oil seal mukadali pomwepo, ikakhala yonyowa isintheni lero. Onani buku ngati likufuna oyilo pa mazinga kapena ayi, chifukwa nambala yomweyo pa mazinga onyowa imafinya kwambiri kuposa pa ouma. Injini zimene buku limati mangani pa mlingo wakuti kenako muwonjezere madigiri, monga ma Mazda aja ndi ma Volkswagen ambiri, bawuti yake imatamuka pomanga, ndiye imafuna yatsopano.

Gwirani pule ndi chitsulo chathu chija, mchira wake tsopano utsamire mbali inayo, mumange ndi torque wrench. Impact siyeza kanthu. Ikamangitsa mwasiyira mnzanu vuto lomweli, ikachepetsa pule imayamba kugwedera, kakiyi nkumadya mpata wake mu crankshaft mpaka timing itasuntha, ndipo kukonza kwake ndi kutsitsa injini. Pa 5A-FE iyi taika pa 118.

[Torque wrench ilira kamodzi]

Kenako zungulitsani injini ndi manja kawiri, kumanja, muone ngati zizindikiro za timing zabwerera pamalo pake musanagwire kiyi.