Moto wa tchire m'chaka cha ng'amba: zomwe anayankhula mlangizi wa nkhalango pabwalo la a gulupu

Zikomo a gulupu, zikomo mafumu, amayi ndi abambo nonse. Sinditalikitsa, dzuwa lakwera kale.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Loweruka lapitali moto unabuka kudambo kuja, mphepo n'kuukankha mpaka m'mudzi wa kutsidya. Nkhokwe ziwiri zapita, khola la mbuzi, ndi mitolo ya udzu wofolera yomwe amayi aja anavutika kumweta m'nyengo yozizira. Ndinakafikako. Chimanga chili bii, pansi pake chikufukabe utsi, ana akufukula ndi timitengo kufuna njere zomwe zapulumuka. Chimanga cha chaka ngati chino! Oyatsa ndi anyamata osaka mbewa, ndipo zomwe anapha mwina sizinadzaze n'komwe mpani umodzi.

Ndiye mawu anga ndi awa: musayatse moto patchire kapena m'munda kufikira mvula itagwa. Nkhani yoletsa motoyi ikupitanso kukhonsolo.

Chaka cha 2024 chino si chaka wamba. Mvula inadula chimanga chili pakati chifukwa cha El Niño, kusokonekera kwa nyengo kobweretsa ng'amba kuja, ndipo mu Malichi Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Udzu unauma msanga. Madambo omwe zaka zina amauimitsa okha moto, lero auma gwa. Ife a nkhalango tikafuna kutentha timatentha mu Meyi kapena Juni, udzu ukadali ndi chinyezi, moto wake umangokwawa pansi. Wa Seputembala ndi Okutobala umadumpha msewu, umakwera m'mitengo, umapha ndi timitengo tophukira. Pitani ku Chikangawa mukaone. Nkhalango ya paini ya mahekitala oposa 50,000, koma moto wa chaka ndi chaka pamodzi ndi kudula mosasamala zasiya mapiri ambiri ali mbee.

Ndipo inu abambo osonkhanitsa mapesi n'kuyatsa pososa, mukuwotcha manyowa anu omwe. Mapesi amenewo mukawagoneka m'mizere amasunga chinyezi, chomwe chinatisowa chaka chino. Amayinso, phulusa la m'mawa mumakataya kudzala makala ali ngwee. Ana mumawatuma machesi kugolosale osafunsa otsala apita kuti. Musayatse, ndipo musalole mwana ayatse, kufikira mvula itagwa.

(Bambo wina: “Pepani alangizi. Munda ndi wanga, mapesi ndi anga. Khonsolo ikulowapo bwanji pamenepa?”)

Funso labwino achimwene, khalani pansi ndikuyankheni bwinobwino, chifukwa ambiri akufunsa zomwezo mumtima. Munda ndi wanu, inde. Koma moto sudziwa malire. Ukangodutsa mzere wanu womaliza wakhala nkhani ya mudzi wonse. Tsono dziko lino lili ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, lija linabweretsa mphamvu ku anthu. Lamuloli limalola khonsolo iliyonse kupanga malamulo akeake oyendetsera dera lake ndi kuletsa zinthu zovutitsa anthu. Sapanga mwachibwana ayi. Makhansala omwe munawasankha amakambirana, mafumu akuluakulu amakhala nawo pamenepo, zolembazo amaziika poyera kuti anthu aziwerenge, kenako nduna ya maboma ang'ono imavomereza. Zikatero ndi lamulo ndithu, ndipo wolakwira amaonekera kukhoti. Choncho khonsolo ikanena kuti m'chaka cha ng'amba moto wa panja uyambe waima, sikuti yakulandani munda.

Palinso lamulo la nkhalango la 1997, lomwe analikhwimitsa mu 2020. Limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa ya boma ngakhalenso m'nkhalango ya mudzi ngati yathu ija kuphiri. Mukayatsa pafupi nayo moto n'kukupulumukani, mlandu ndi wanu. Wa nkhalango akakuitanani kuti mudzathandize kuzimitsa, lamulo likuti mupite. Ndipo kutentha nkhokwe kapena mbewu za mnzanu ndi mlandu wa kupolisi, suthera pa nkhuku ya kwa mfumu. Ine mtima wanga uli pakuti kuno tisadikire kuti pepala lichokere kuboma. Mafumu athu ndi komiti yosamalira zachilengedwe agwirizana kale kuti moto uime, ndipo a khansala anyamula nkhaniyi kupita nayo kukhonsolo. Mwamva achimwene? Zikomo.

Ndikuona kumbuyoko ena ayamba kusuzumira njira, ndiye ndithamange. Lambulani kuzungulira nyumba, nkhokwe ndi khola sabata ino. Udzu wofolera usayandikane ndi khitchini. Phulusa thirani madzi musanataye. Zinyalala kwirirani m'dzenje. Mbewa kumbani kapena tcherani misampha. Ofula njuchi zimitsani muuni wanu musanachoke. Mukaona utsi, kuwani, imbani belu la kutchalitchi, tengani nthambi zaziwisi, ndipo muziwuthira nkhondo kuchokera kumbali, osaima kutsogolo kwake komwe mphepo ikulowera. Ana asayandikire. Ndipo moto patchire ayi, kufikira mvula itagwa.

A komiti tsalani pang'ono tigawane masiku olambula njira yotchinga moto kuphiri. Amene muli ndi kachimanga kapena ufa wothandizira mabanja aja, perekani kwa a nyakwawa pofika Lachitatu.