Tibise makadi, ana asake, adziwe kuwerenga

Zikomo a mfumu, a komiti ya sukulu, aphunzitsi, alezi a kumkombaphala, ndi inu nonse makolo anzanga. Kumbuyo uko mukundimva? Chabwino. Anawo musawathamangitse, akhale pomwepo, nkhaniyi ndi yawo.

Chiyambire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, makalasi a ana aang'ono anadzaza. Kasuzumireni mu Sitandade 1, kaya ku Chinamwali, ku Songani kapena ku Thondwe, mukadzionere. Mphunzitsi akalemba "ma" pa bolodi, kalasi yonse imati "maaa!" mpaka kumsewu kumveka. Koma mwana wakhala kumbuyo uja lembolo sanaliyang'ane n'komwe, wangotsata pakamwa pa anzake. Mu 2016 boma linakhazikitsa National Reading Programme, ndipo mabuku a m'sukulu zathu amakonzedwa pafupi pompano, ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Njira yake ndi yomveka: mwana amve liwu, adziwe lembo, alumikize maphatikizo, atchule mawu. Chosowa ndi mpata woti mwana aliyense awerenge payekha popanda womunong'oneza. Mpata umenewo mphunzitsi mmodzi sangaupeze. Uli kunyumba kwathu.

Ndabwera ndi masewera ophunzitsa ana kuwerenga kunyumba. Masewerawa akufanana ndi chibisalirano, kungoti chobisala si munthu. Mumabisa kanthu kabwino, tinene mango awiri. Kenaka mumadula katoni n'kulemba makadi anayi kapena asanu, kaya ndi makala, kaya ndi bolopeni. Khadi loyamba mumampatsa mwana m'manja, palembedwa "mtondo". Akawerenga, athamangira ku mtondo, pansi pake apeza lina: "khola". Ku khola apeza "mtsuko". Kuseri kwa mtsuko, "dengu". Avundukula dengu, mango aja ali phee. Basi.

Taonani chimene chachitika apa. Mwanayo sangafike pa mango osawerenga. M'kalasi akhoza kubisala m'mawu a anzake, koma pabwalo pano akaphonya, miyendo yake imamuuza yokha, chifukwa wafika pamalo popanda khadi. Abwerera, ayang'ananso malembo aja limodzilimodzi, mwa kufuna kwake. Palibe wamukalipira.

N'chifukwa chake posankha mawu muzichita dala. Ana ambiri amangoona malembo oyamba, otsalawo n'kungoganizira. Lembani "mpando" pakhomo pomwe palinso mpanda. Wopupuluma athamangira ku mpanda, akafufuza m'maudzu monse, chonsecho khadi lili pansi pa mpando wa agogo. Tsiku limenelo adziwa kuti lembo lomaliza nalo lili ndi ntchito. Chimodzimodzi mphika ndi mphasa, mtondo ndi mtengo. Akakhwima pang'ono mum'patse maphatikizo amene amavuta, a malembo atatu aja: "nkh" wa nkhuku ndi nkhuni, "mph", "nth", ndiponso kachizindikiro kaja kosiyanitsa "ng'o" wa ng'ombe ndi "ngo" wa ngoma. Aphunzitsi ali panowa angachitire umboni kuti apa ndi pamene ana ambiri a Sitandade 2 amatsakamira.

Tsono nyengo ikubwera pati? Mwana amawerenga msanga mawu a chinthu chimene maso ake akuchiona ndiponso m'kamwa mwake mukuchifuna. Pano mvula yayamba. Ngumbi zatuluka, mango apsa, masuku ali mbwee m'misika, bowa ali m'njira. Mawu ake ndi amenewo. Kwa wa Sitandade 1, musalembe mawu athunthu. Bisani maphatikizo: "ku" pakhonde, "ma" pa thandala, "su" pa khomo la kukhitchini. Awatolere, awayale pansi, awasinthesinthe mpaka atuluke "masuku". Akatchula yekha, ndiye mum'patse masukuwo. Ine ndimawakonda masewera a dzinjawa kuposa ena onse, chifukwa tchuthi cha December chimagwera momwemu, ndipo mwana wa Sitandade 1 amene wangophunzira teremu imodzi sachedwa kuiwala malembo akakhala masabata osawaona. Makadi muziwaika m'timapepala ta pulasitiki, tija togulira shuga, kuti asanyowe.

Koma dzinja lili ndi zoopsa zake, ndipo apa ndilankhule mwamphamvu. Osabisa khadi m'thengo, m'mabowo, pansi pa mulu wa njerwa kapena wa nkhuni, muli njoka ndi zinkhanira. Osayandikira chitsime, dzenje la chimbudzi, kapena mtsinje. Likangala ndi Mulunguzi mumaidziwa, mvula ikagwa kuphiri madzi amatsika kuno dzuwa likuwala. Masewera athere pabwalo pomwe maso anu akufika. Za bowa, lembani dzina lokha, kukazula ndi ntchito ya akulu odziwa wodyedwa ndi wakupha.

Pofika February ndi March mawu amasintha okha: mondokwa, maungu, nkhwani, nkhaka. M'masika ndiye zipangizo zimachuluka. Khadi likhoza kupita m'mapesi, m'thumba, pansi pa lichero, pa makwerero a nkhokwe. Inu a kumbali ya ku Chilwa muli ndi mawu anuanu, mpunga, matemba, bwato, ukonde, ndipo mwana wa kumeneko adzawerenga "matemba" mosavuta kuposa mawu a chinthu chimene sanachionepo. Wa Sitandade 3 asalandirenso mawu amodzi, alandire chiganizo: "Pita pamene amayi amapetera mpunga." Apa sakungotchula malembo ayi, akuyenera kumva tanthauzo kuti adziwe kolowera.

M'chisanu, chiperoni chikatseka phiri, ana safuna kutuluka. Seweretsani m'nyumba, chuma chikhale mbatata yootcha kapena nzimbe. Imeneyi ndi nthawi ya zilape. Tonse tikudziwa: Chilape!

(Anthu: Nachize!)

Ehee! Nyumba ya amayi yopanda khomo?

(Ana: Dzira!)

Mwaona? Tsono chilape chomwecho chilembeni pa khadi. Mwana awerenge, amasulire, athamangire pomwe nkhuku imaikira. M'chilimwe katoni safunika, pansi pauma, lembani ndi kamtengo pa dothi, mmawa kapena madzulo dzuwa litazizira.

Ndaona amayi akweza mkono uko. Eee, mayi, funso lanu ndalimva: nanga kholo limene silidziwa kulemba? Musade nkhawa. Olemba akhale mkulu wake wa Sitandade 4 kapena 5, inu mukhale wosankha malo ndi wobisa. Mukudziwa kuti khadi ili mwaliika pa mtondo, ndiye mwana akalakwa mudziwa ngakhale simunawerenge. Ndiponso wamkulu uja akupindula, pakuti kulemba "nkhokwe" molondola kuti mng'ono wake asasochere si masewera. Ngati kunyumba mumalankhula Chiyao kapena Chilomwe, fotokozani malamulo m'chinenero chimenecho, makadi okha akhale m'Chichewa monga za m'buku lake.

Cholakwika chimene chimaononga zonse ndi chifundo chathu chomwechi. Mwana akangoti "m... m...", ife tathamanga kale: "Mtsuko, iwe!" Apo mwawerenga ndinu, iye wangoyenda. Dikirani. Bisani ndi chala malembo ena, aone phatikizo limodzi, atchule, musunthe chala. Akakanikabe, khadilo lamukulira, lembani lina losavuta. Osam'nena kuti ndi mbuli, osam'yerekeza ndi mwana wa aneba. Ana akakhala angapo, aliyense akhale ndi khadi lake lowerenga motsatana, apo ayi wochenjera mmodzi awerenga onse, enawo azingothamanga pambuyo, tabwereranso ku kalasi ija. Chuma chikapezeka agawane. Chisakhale ndalama, mudzatopa nazo, ndipo makadi asapitirire asanu kwa aang'ono, masewera athe iwo akufunabe.

Loweruka likudzali tikumane pano mmawa tisanapite kumunda wa madzulo. Banja lililonse libwere ndi katoni imodzi, ya sopo kapena ya mafuta, pemphani kwa a golosale. Aphunzitsi atiuze maphatikizo amene kalasi iliyonse yafikapo teremu ino kuti tisalembe zowapitirira ana. Amene muli ndi mitengo ya mango, mwadzimva nokha. A mfumu, ndabweza mawu kwa inu.