Mayi amene anakana kuthamangira makilogalamu: nkhani ya vinyo wa Foradori

[Chithunzi: matanthwe aatali, m'munsi mwake mizere ya mpesa]

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili kumpoto kwa Italy, m'chigawo cha Trentino, pa chigwa chotchedwa Campo Rotaliano. Taonani nthakayi: miyala yokhayokha ndi mchenga zimene mtsinje wa Noce wakhala ukukokolola kumapiri usanakathire mu mtsinje wa Adige. Mlimi wa chimanga atafika pano angangopukusa mutu n'kubwerera, chifukwa madzi sachedwa kulowa pansi. Koma mpesa umakonda malo otere. Mtundu umene unazolowera pano ndi Teroldego, wa mphesa zakuda bii, ndipo lero ukatchula Teroldego, odziwa vinyo amayankha ndi dzina la mayi mmodzi, Elisabetta Foradori.

[Chithunzi: nyumba yakale ya banjali ku Mezzolombardo]

Tiyambire pa maliro. M'chaka cha 1976 mwini munda, Roberto Foradori, anamwalira mwana wake Elisabetta akadali wamng'ono. Amene anagwira munda kuti usagwe ndi mkazi wake, Gabriella. Anthu akamasimba nkhaniyi amakonda kuwalumpha mayi amenewa, koma ine ndimaona kuti ndi kulakwa. Kwa zaka 8 mpesa unkafunika kudulira, antchito kulipidwa, vinyo kugulitsidwa, ndipo akanatopa n'kugulitsa malowo bwenzi vidiyo ino kulibe. Mwana uja anakaphunzira za ulimi ndi vinyo kusukulu ya San Michele all'Adige, pafupi pomwepo, ndipo mu 1984, ali ndi zaka pafupifupi 20, anapanga vinyo wake woyamba.

Tsono anapeza zotani? Apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pano.

Mpesa sadzala njere ayi. Amadula kanthambi n'kukamezanitsa pa tsinde la mpesa wina, pang'ono ngati mmene timadulira mitengo ya chinangwa. Ndiye kuti mpesa watsopanowo ndi chimodzimodzi mayi wake, ubwino ndi zofooka zomwe. Nthawi imeneyo alimi ambiri a ku Trentino ankapereka mphesa ku makopaletivi, ndipo munthu ukamalandira ndalama potengera sikelo, umasankha mtengo umene umabereka kwambiri. Akatswiri anasankha mitengo yochepa yobereka mwakathithi n'kuichulukitsa, minda yambiri n'kukhala ngati ya mayi mmodzi. Madengu ankadzaza, inde, koma mpesa ukasenza zipatso zambiri, kukoma kumagawanika. Vinyo ankatuluka wopepuka, womwera kuti nthawi ipite, osati woti munthu n'kumukumbukira.

[Chithunzi chapafupi: dzanja likuyang'ana phava la mphesa]

Elisabetta anabwerera m'mbuyo. Anayamba kuyenda m'minda yakale, mtengo ndi mtengo, kufunafuna uja wobereka timphesa ting'onoting'ono, tamakoko okhuthala, mapava ake osathithikana. N'chifukwa chiyani timphesa tating'ono? Kufiira ndi fungo la vinyo wofiira zimachokera kwambiri m'makoko kusiyana ndi m'madzi a chipatsocho. Mphesa ikachepa, khoko limachuluka poyerekeza ndi madzi. Mapava otakasuka nawo mpweya umadutsa, sawola msanga mvula ikagwa. Mitengo yotere ankaiika chizindikiro, n'kudula nthambi ku mitengo yambiri yosiyanasiyana, osati umodzi wokha. Agogo athu posankha chimanga cha mbewu ankachita zofanana: kutenga pano, kutenga apo, osadalira phesi limodzi.

Ntchito imeneyi ndi yoboola m'thumba. Mpesa ukaudzala umadikira zaka zitatu kapena zinayi kuti ukolole zooneka, ndipo pamene anzako akudzaza ngolo iwe ukukolola zochepa mwadala. Mu 1986 anatulutsa vinyo wotchedwa Granato, dzina lokumbutsa chipatso cha makangaza. Ameneyu ndi amene anatsegula anthu maso kuti Teroldego akhoza kuima pamodzi ndi vinyo wapamwamba wa ku Italy. Buku la Gambero Rosso, limene limapereka mamalikesi ku vinyo wa dzikolo, linamupatsa kangapo ulemu wake waukulu wa matambula atatu.

Munthu wina akanaima pomwepo n'kumadyerera. Koma cha m'ma 2000 mayiyu anayamba kusakhutira ndi vinyo wake yemwe, amene aliyense ankamuyamikira. Mu 2002 anatembenuza munda wonse kutsata ulimi wotchedwa biodynamic, umene unachokera ku maphunziro a mu 1924 a Rudolf Steiner, katswiri wa maganizo wa ku Austria: kusiya feteleza wa m'sitolo ndi mankhwala opha udzu, kudalira manyowa ndi kompositi, kulola udzu ndi maluwa kumera pakati pa mizere. Ndinene chilungamo, muli zina mmenemo zimene ine sizindilowa, monga kukwirira ndowe m'nyanga ya ng'ombe nyengo yonse yozizira komanso kutsata mwezi pogwira ntchito. Asayansi ambiri amazikayikira. Chimene sinditsutsa n'choti mlimi wotere amakhala m'munda tsiku ndi tsiku, ndipo matenda amawaona asanafalikire.

[Chithunzi: mbiya zikuluzikulu zadothi zitandandalikidwa m'chipinda]

Kenaka taonani izi. Si migolo yamatabwa ayi, ndi mbiya, zoumbidwa ku Villarrobledo m'dziko la Spain, zimene kwawoko amazitcha tinaja. Mgolo wa thundu, makamaka ukakhala watsopano, umasiya fungo lake m'vinyo. Mbiya imalola kampweya kulowa pang'onopang'ono koma siiwonjezera kanthu, ndiye chimene ukumva pakamwa ndi mphesa ndi nthaka yake. Amathiramo mphesa zophwanya pamodzi ndi makoko, zimawira zokha, n'kukhala mmenemo miyezi pafupifupi 8. Vinyo wa minda iwiri, Sgarzon ndi Morei, amapangidwa chonchi, aliyense payekha. Mtundu wa mphesa ndi umodzi, wopanga ndi mmodzi, mbiya n'zofanana, koma Sgarzon ndi malo ozizirirapo ndipo vinyo wake amakhala wowawasa pang'ono, pamene Morei ndi wofunda, wamiyala, vinyo wake wolemerera.

[Chithunzi: ng'ombe zotuwa zikudya msipu]

Lero mayi Foradori anasiyira ana. Emilio ndiye akuyang'anira mpesa ndi vinyo, Theo amathandiza kumbali ya malonda, ndipo Myrtha anabweretsa dimba la ndiwo zamasamba. Mwini wakeyo nthawi yambiri ali ndi ng'ombe zija mukuzionazi. Anazibweretsa chifukwa cha manyowa a m'munda wa mpesa, mkaka n'kuyamba kutsala, ndiye pano akupanga tchizi.