Uthenga wa mawu kwa anyamata akale a Box 2

Eee, moni nonse akuluakulu, ndi inu achimwene amene mwangomaliza kumene. Pepani, uthengawu utalikapo pang'ono, koma mumvetsere mpaka kumapeto.

Nkhani ndi ija tinagwirizana yolemba mbiri ya sukulu yathu ya Zomba Catholic, imene timaitcha Box 2. Zoyambirira tikuzidziwa: inatsegulidwa mu 1942 ndi ansembe a chi Montfort, kenako abulazala a chi Marist anadzaitenga n'kumaiyendetsa. Pamene inkatsegulidwa, sekondale ina m'Nyasaland muno inali ya Blantyre yokha, ya Dedza inabwera mu 1951. Zimenezi zili kale m'mabuku. Zimene mulibe m'mabuku zili m'mitu mwa madala athu, ndipo amene analowa cha m'ma 1950 pano apitirira zaka 80. Ine zimenezi zikundisowetsa tulo.

Ndiye tichite chonchi. Aliyense apeze mkulu mmodzi wa kufupi ndi kwawo. Osawaimbira foni ayi, pitani nokha, kashuga kali m'manja. Mukapatsidwa mpando, musathamangire kutulutsa foni. Chezani kaye, kenako pemphani kuti muwajambule mawu. Akakana, lembani m'kope.

Poyamba anene okha dzina, mudzi, ndi chaka chimene analowa. Zikatero afunseni zinthu zing'onozing'ono, chifukwa ndi zimene zimatsegula pakamwa. Anayenda bwanji kuchoka kwawo kukafika ku Zomba? Fizi anailipira ndani, anagulitsa chiyani? Ndiwo zinali zotani? Misa ya Chilatini ankaimva? Mayeso a Cambridge aja ankawaopa bwanji? Musaiwale maina achipongwe a aphunzitsi, pamenepo mudzaona nkhalamba ikuseka ngati mwana.

Apa ndiye mumvetsetse. Akasokoneza chaka, musawadule mawu. Asiyeni alankhule, zaka tidzazifananiza tokha ndi zolembedwa za kusukulu. Mukawakonza kamodzi kokha, amangoti "basi mukudziwa ndinu", nkhani n'kuthera pomwepo.

Zithunzi ndi masatifiketi musachoke nazo pakhomo. Zijambuleni pomwepo, pamthunzi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, poti kumbuyoko ndi kumene ankalemba maina ndi chaka. Ngati mkuluyo anatisiya, chezani ndi amayi a kunyumba kapena ana, mabokosi amasunga ndi iwo.

Foni ikhale yodzaza moto musananyamuke. Mukabwerako, tumizani tsiku lomwelo pagulu pano, mutalemba dzina la mkuluyo ndi tsiku limene mwacheza nawo. Amene mwapeza kale munthu, tchulani dzina usiku uno kuti tisapite awiri khomo limodzi. Zikomo, mugone bwino.