Magalasi a dzuwa a oyendetsa ndege ndi owombera mfuti: kodi ndi a polarized?

Afumu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Mnyamata wina wa kabaza anandionetsa pa Chitakale magalasi amene anagula pa kaunjika, wogulitsa atamuuza kuti ndi a oyendetsa ndege ndi asilikali, choncho ndi a polarized ndipo palibe owaposa. Wogulitsayo anasakaniza zinthu zosiyana, ndipo ndikufuna tizilekanitse chifukwa nkhaniyi ikukhudza maso athu.

Kuwala kwa dzuwa kukagunda pamalo osalala, monga pamadzi a Dziwe la Nkhalamba kapena pa tala wonyowa mvula itangokata, kumanjanja chopingasa, ndipo ndiko kumatithobwa m'maso. Magalasi a polarized ali ndi sefa yopyapyala imene imatchinga kuwala kopingasako n'kulola kwinako kudutsa, monga mpanda wa nsungwi zoimika umene ndodo yoimika imalowa koma yopingasa imakakamira. Amene anakonza sefa imeneyi ndi Edwin Land wa ku America, yemwe anayambitsa kampani ya Polaroid mu 1937. Kwa msodzi ndi dalaivala masana, magalasiwa ndi othandiza zedi.

Koma woyendetsa ndege amene akunyamuka pa Chileka salangizidwa kuwavala. Bungwe loona za maulendo a ndege ku America la FAA limanena zimenezi momveka, ndipo zifukwa zake n'zoopsa ndithu. Masikirini amene amamuuza liwiro la ndege ndi kutalika kumene yakwera amatulutsa kuwala kosefedwa kale, moti akapendeketsa mutu manambala amatha kuzimiririka. Galasi lakutsogolo, limene ndi losanjikiza, limaonetsanso mizere ndi mawanga. Chachikulu n'chakuti kung'anima kwa phiko la ndege ina patali ndiko kumamuchenjeza msanga, ndiye sefa imene imapha kung'animako yamulanda chenjezo. N'chifukwa chake amasankha magalasi otuwa wamba. Dzina lakuti aviator limene mumaliona pamagalasi likungonena kapangidwe kamene kampani ya Bausch & Lomb inakonzera oyendetsa ndege m'zaka za m'ma 1930, silikunena za sefa ayi.

Wowombera mfuti amaopa tizidutswa ta chipolopolo ndi onga zimene zingamuthethekere m'diso. Amafuna galasi la pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate, yosasweka chisawawa, ndipo oyesedwa ku America amakhala ndi chizindikiro cha Z87. Ambiri amakhala oyera, achikasu kapena ofiirira kuti chinthu chioneke bwino; ena alipo a polarized, koma sefayo siimaletsa kachitsulo kulowa m'diso. Wa kabaza amene amalimbana ndi timiyala ndi tizilombo pamsewu wa ku Limbuli akufunika galasi lolimba lotereli, ndipo kukayamba mdima avule akuda aja.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cheza cha dzuwa chosaoneka chotchedwa UV, chimene chimathandizira kuyambitsa ng'ala. Kuda kwa galasi sikutanthauza kuti likutchinga cheza chimenechi, ngakhalenso mawu akuti polarized satanthauza zimenezo. Galasi likakhala lakuda, mwanadiso amakula kuti kuwala kulowe kokwanira, ndiye ngati lilibe chitetezo cha UV, cheza chimalowa chochuluka kuposa mukanakhala osavala kanthu. Anyamata athu operekeza alendo ku Sapitwa, pa mamita 3,002, adziwe kuti cheza chimakula munthu akamakwera phiri. Amayi othyola tiyi tsiku lonse, komanso abale athu achialubino, nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Yang'anani chilembo cha UV400, chosonyeza kuti galasi limatchinga cheza chimenechi, ndipo popeza chomata aliyense angathe kumata, ndi bwino kugula kwa odziwa za maso.

Za polarized mungathe kuyesa pompano. Yatsani foni, yang'anani sikirini kudzera m'magalasiwo, kenako atembenuzeni pang'onopang'ono mpaka aime chilili. Sikirini ikada kapena kusintha mtundu, sefa ilimo, ndipo mwaona ndi maso anu chimene woyendetsa ndege uja amapewa.