Makalata a Omvera: Nseru ya pa Ulendo

Sabata ino ambiri mwadandaula za nseru ndi chizungulire cha m'galimoto, koma kalata imene yandikhudza mtima ndi ya mayi ena a ku Dedza. Alemba kuti mwana wawo wa zaka 7 amasanza nthawi zonse minibasi ikamatsetsereka ku Khwekhwelere, ndipo okwera anzawo amawakalipira, moti mwanayo amayamba kulira akangomva za ulendo. Akufunsa ngati nzeru za asing'anga a ku China zingawathandize.

Mayi, mwana wanu sanalakwe chilichonse, ndipo inu amene mumakalipira mwana wodwala m'basi, ndikukupemphani kuti muzikhala ndi chisoni. Asing'anga a ku China amaphunzitsa kuti m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, ndipo ya m'mimba imayenera kulowera pansi. Galimoto ikamagwedezeka ndi kukhotakhota, mphamvuyo imatembenuka n'kuyamba kukwera, ndiye nseru imabwera. Amatinso amene amavutika msanga ndi munthu amene m'mimba mwake mwaunjikana chinyontho chifukwa cha zakudya zamafuta ndi zozizira. Apa ndikudzudzuleni pang'ono, mayi, pakuti mwalemba nokha kuti mumamugulira mandasi ndi tchipisi pa depoti kuti atonthole.

Zhang Zhongjing, sing'anga amene anakhalako zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, ankagwiritsa kale ntchito jinja poletsa kusanza, choncho muwiritsireni kachidutswa kakang'ono m'tiyi musananyamuke. Palinso malo otchedwa Neiguan, mbali yamkati ya mkono, amene asing'angawa amakanikiza pochepetsa nseru. Yalani zala zitatu za mwanayo kuchokera pamzere pamene dzanja limapindikira, ndipo pamene zathera, pakati pa mitsempha iwiri yolimba, kanikizani pang'onopang'ono ndi chala chachikulu kwa mphindi ziwiri. Madokotala a kuchipatala amati vutoli limabwera maso ndi khutu lamkati zikamauza ubongo zinthu zosiyana, n'chifukwa chake ndikuti mum'pemphere mpando wakutsogolo, aziyang'ana patali, ndipo foni ikhale m'chikwama.

Bambo a ku Likoma amene mumavutika m'sitima, khalani chapakati pamene sipagwedezeka kwambiri, maso anu ali kumene madzi akumana ndi thambo. Achemwali a ku Lilongwe amene mwafunsa ngati makoko a nachesi amathandiza, inde, makoko ouma a nachesi, amene ku China amati chenpi, amawagwiritsa ntchito pokhazika m'mimba pansi. Koma inu mayi oyembekezera a ku Balaka, musamwe mankhwala azitsamba alionse musanafunse anamwino kusikelo.